Makaroni Safuna Nyama Masiku Onse

M'nyumba zambiri makaroni ndi supageti zimaoneka pa Khrisimasi ndi pa maukwati pokha, ndipo zimabwera pamodzi ndi nkhuku, mpunga ndi mbatatesi, ngati kuti pazokha sizingakhutitse munthu. Motero amai ambiri amaziyesa cakudya ca olemera. Ife tikuti iai. Kwao kwa cakudyaci, ku Italy, anthu osauka anapeza njira zocidyera popanda nyama, ndipo njirazo zikhoza kupulumutsa banja limene ndalama zathera mwezi uli pakati.

Taonani anthu a ku Puglia, kumwera kwa dzikolo. Iwo ali ndi makaroni ang'onoang'ono onga makutu, dzina lao orecchiette, amene amawaphika mumphika umodzi ndi masamba owawirako a mtundu wa repu wathu. Pambali amakazinga adyo, tsabola ndi tinsomba tamcere m'mafuta, nasanganiza zonse. Kodi repu, adyo ndi kapenta nzosowa pamsika wathu? Kapenta ayambe wanyikidwa m'madzi ofunda kuti mcenga ucoke, kenaka akazingidwe bwino. Repu alowe mumphika wa makaroni kutatsala mphindi 3 kapena 4, kuti asapyapyale ndi kutaya kubiriwira kwake.

M'dziko lomwelo amaphikanso makaroni m'kati mwa nyemba, ndipo amati pasta e fagioli. Pamenepa pali nzeru, pakuti tirigu ndi nyemba zikakumana zimathandizana kumanga thupi la mwana, monga zicitira nsima ndi nyemba. Nyemba zotsala dzulo nzokwanira: kanyani zina ndi mthiko kuti msuzi ulimbe, onjezerani madzi, ndipo akawira thirani makaroni othyolathyola.

Nanga tsiku limene nyama yapezeka? Anthu a ku Bologna amaigaya, naikazinga ndi anyezi ndi karoti, nathirako matimati pang'ono cabe, naisiya pa moto wofatsa maola awiri kapena kupitirira. Makala amene ayamba kuzirala pa mbaula ndiwo oyenera nchito imeneyi. Ubwino wake ndi wakuti nthuli zimene zikanathera m'mbale ya atate, zikagayidwa zimafika kwa mwana aliyense, ngakhale wamng'ono uja amene amacedwa kutambasula dzanja. Tinene mongodutsa kuti eni ake a msuziwu saudya ndi supageti monga ticitira ife. Amaudya ndi tagliatelle, zophwatalala ngati luzi, cifukwa supageti ndi woterera ndipo amasiya nyama pansi pa mbale. Conco msuzi wosalala, wa matimati kapena wa mafuta ndi adyo, upite kwa supageti. Msuzi wa zidutswa, kaya za nyama, nyemba kapena mabiringanya, upite kwa makaroni amphako amene amaubisa m'mimba mwao.

Koma zonsezi zimaonongekera mumphika ngati sitisamala. Manja athu anazolowera nsima, imene imafuna kutakasa ndi kupsa kwenikweni, ndipo makaroni tikawacita cimodzimodzi amasanduka phala lomata. Muyeso wa ku Italy ndi uwu: pa magalamu 100, amene ali gawo la munthu mmodzi, lita imodzi ya madzi ndi magalamu 10 a mcere. Ndiye kuti paketi ya magalamu 500 imadyetsa anthu asanu, ndipo imafuna mphika waukulu. Madzi ayambe awira kolimba. Kawirikawiri mphindi 8 mpaka 12 zimakwana. Lawani kamodzi, ndipo phulani akali olimbako pang'ono pa dzino. Musawatsuke ndi madzi ozizira, pakuti mukucotsa kunanda kumene kumagwira msuzi. Musanakhetse, tungani kapu imodzi ya madzi amene aphikiramo, muthire mumsuzi, ndipo musanganize zonse pa moto kwa mphindi imodzi.

Ena atifunsa za ciwawa cotendera. Nsinjiro zimamatirira bwino ku makaroni amphako, koma ndiwoyo ikhale yamadzi kuposa imene timadyera nsima, cifukwa makaroni amamwa msuzi akali m'mbale.