UTHENGA KWA ACHINYAMATA: Katundu 30 ndi msonkho wa geni ya pa foni

Chonde werengani mpaka kumapeto musanatumize kwa ena, chifukwa nkhaniyi yasokonezedwa kale ndi anthu owerenga mzere woyamba wokha.

Sabata ino foni zathu sizikupuma. Wina watitumizira screenshot ya app ikumufunsa National Insurance number. Wina akuti wamva zoti ukagulitsa nsapato imodzi pa Vinted, HMRC ikudula 20%. Mlongo wathu wina wa ntchito ya care wachotsa katundu wake yense pa app usiku umodzi. Majekete a ana ake omwe anawathina ali m'thumba pansi pa bedi, chonsecho ndalama yake amafuna atumize kumudzi ya fiizi. Munthu wosalakwa chilichonse akubisa zovala za ana ake ngati chamba. Zimenezi ndi zomwe zatikwiyitsa.

*LAMULOLI LIKUTI CHIYANI*

Kuyambira pa 1 January 2024, ma app ndi mawebusaiti a malonda monga eBay, Vinted, Etsy ndi Depop akulamulidwa kusunga mbiri ya ogulitsa ndi kuitumiza ku HMRC chaka chilichonse pofika 31 January. Lipoti loyamba linapita mu January 2025. Malamulowa anachokera ku bungwe la OECD, ndipo mayiko a European Union anayamba kutsatira ofanana nawo mu 2023.

Dzina lanu limapita mukagulitsa zinthu 30 kapena kuposerapo m'chaka, kapena mukalandira ndalama zoposa €2,000, zomwe ndi pafupifupi £1,700. Chimodzi mwa ziwirizi chakwana. Amatumiza dzina, adiresi, tsiku lobadwa, NI number ndi ndalama zomwe mwalandira. Kwa amene mumagulitsa ntchito, monga kuyendetsa Uber, kupereka zakudya pa Deliveroo kapena kubwereketsa chipinda pa Airbnb, malire amenewa kulibe, dzina limapita basi.

Tsono mvetsetsani apa. Palibe msonkho watsopano umene wakhazikitsidwa. Kutumizidwa dzina sikutanthauza kuti muli ndi ngongole ya msonkho. Ngati mukugulitsa zinthu zanu zomwe munkagwiritsa ntchito, zovala, foni yakale, pram ya mwana, simulipira kanthu, pokhapokha chinthu chimodzi chikagulidwa zoposa £6,000. Nanga ndani wa ife ali ndi jekete ya £6,000? Msonkho umabwera pamene mukuchita geni, kutanthauza kugula kuti mugulitsenso kapena kupanga zinthu zogulitsa. Pamenepo pali trading allowance ya £1,000 pa chaka cha msonkho. Ndalama zonse zolowa, musanachotse zomwe munawononga, zikadutsa £1,000, muyenera kulembetsa Self Assessment.

Ndiye amene akukuuzani kuti nsapato imodzi ikudulidwa 20% akunama. Koma amene akuti "palibe chasintha, gonani" nayenso sakukuuzani zonse.

*CHOTIKWIYITSA CHOYAMBA: AKUWERENGA MALAYA*

Zinthu 30 pa chaka sizikwana ndi zitatu zomwe pa mwezi. Mayi amene wagulitsa zovala za mwana 30 pa £5 chimodzi wapeza £150 chaka chonse. Dzina lake, adiresi yake ndi NI number yake zapita ku boma. Koma bwana amene wagulitsa wotchi imodzi ya £1,500 sanafike pa malire aliwonse, palibe womulemba. Eti lamulo likuona wa £150, wa £1,500 likumudutsa. Amene amagulitsa tinthu tambirimbiri totchipa ndi ndani? Ndi ife. Ana asukulu, ma carer, ogwira ntchito m'ma warehouse, anthu amene maluzi amatipeza mwezi usanafike pa 20.

Ambiri a ife tinakulira kaunjika. Tinkasankha malaya pa mulu mu Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Chipata, ena mwa iwo ochokera kuno komwe. Palibe angatiphunzitse mtengo wa chovala chovalidwa kale. Tafika kuno, luso lomwelo ndi lomwe likutithandiza kumaliza mwezi, ndiye ndi lomwe aliyikira diso.

*CHACHIWIRI: £1,000 YOSASUNTHA*

Trading allowance inayamba mu April 2017 ili £1,000. Mpaka lero ikadali £1,000. Pakati apa mitengo ya zinthu inakwera mpaka inflation kufika 11.1% mu October 2022. Lendi yakwera, magetsi ndi gasi zakwera, basi yakwera, koma malire a geni yathu angoti chilili. Personal allowance nayo, ndalama yomwe munthu sadulidwa msonkho, yakhala pa £12,570 kuyambira 2021. Malire akapanda kusuntha pamene mitengo ikukwera, anthu ambiri amalowa mu msonkho popanda boma kulengeza kuti lakweza kanthu. Kumeneko ndi kukweza msonkho mwakachetechete.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Muli ku England, mumagwira ntchito ya care ndipo malipiro anu anadutsa kale £12,570. Kumapeto a sabata mumazungulira ma car boot sale ndi ma charity shop. Chaka chonse mwagula katundu wa £1,200, mwagulitsa £1,800. Phindu ndi £600, yomwe ndi £50 pa mwezi. Popeza £1,800 yadutsa £1,000, mulembetse Self Assessment, musunge malisiti, mudzaze fomu, mulipire 20% ya phindulo, £120. Mukachedwa kutumiza fomu ndi tsiku limodzi, chindapusa ndi £100. Ndiye kuti kuchedwa kwa tsiku limodzi kwadya phindu la miyezi iwiri.

Ndiponso taonani chisokonezo ichi. App imawerengera chaka kuyambira January mpaka December. Chaka cha msonkho chimayamba pa 6 April kufika pa 5 April. Manambala a pa lipoti lanu sangafanane ndi omwe mulembe pa fomu. Olemera ali ndi accountant wowakonzera zimenezi. Ife timakonza tokha pa foni, titangotsika night shift.

*CHACHITATU: LONJEZO LA £3,000*

Mu March 2025, nduna ina ya ku Treasury, James Murray, inalengeza kuti malire odzazira Self Assessment kwa ochita geni akwera kuchoka pa £1,000 kufika pa £3,000. Ambiri tinaomba m'manja. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chokwera ndi malire a fomu okha. Msonkho udzayambabe kuwerengedwa pa £1,000, kungoti udzalipiridwa kudzera njira ina ya pa intaneti. Tsiku loyambira sanalitchule, anangoti zichitika m'nthawi ya Parliament ino. Ndiye musakhale phee n'kumati malire ndi £3,000. Mpaka mutaona pa gov.uk kuti zasintha, yenderani £1,000.

*MALIRE A AKULUAKULU*

Makampani akuluakulu a pa intaneti nawo ali ndi malire awo. Digital Services Tax, yomwe inayamba mu April 2020, ndi 2% yokha. Imakhudza kampani yomwe imapeza zoposa £500 miliyoni padziko lonse ndi zoposa £25 miliyoni kuchokera kwa anthu a ku UK, ndipo £25 miliyoni yoyambayo sidulidwa msonkhowu. Iwo £25 miliyoni, ife £1,000. Ndipo msonkhowu utangoyamba, Amazon inakweza ndi 2% ndalama zomwe imalipiritsa ogulitsa kuyambira September 2020. Katundu wopatsidwa njovu anamusenza ndi kalulu.

Tikudziwa chomwe atiyankhe. Adzati malinga ndi HMRC, msonkho wosatoleredwa m'chaka cha 2023 mpaka 2024 unali £46.8 biliyoni, ndipo 60% ya ndalamazi ndi ya mabizinesi ang'onoang'ono. Ndi zoona, sitikukana. Koma funsani kuti "bizinesi yaing'ono" kwa HMRC ndi chiyani. M'gulu limenelo muli makampani omwe malonda awo amayandikira £10 miliyoni pa chaka. Mtsikana wa madiresi 30 musamuyike m'thumba limodzi ndi amenewo. Amene ali ndi shopu yeniyeni pa eBay, akugulitsa katundu wa masauzande mwezi uliwonse osalipira kanthu, agwidwe ndithu. Ife sitikumuikira kumbuyo. Malire a ndalama akhoza kumugwira bwinobwino popanda kuwerenga masokosi a mwana.

Ife msonkho timalipira. PAYE imachoka tisanaione n'komwe, National Insurance chimodzimodzi, VAT ya 20% pa zambiri zomwe timagula. Ana asukulu amalipiranso £776 pa chaka ya health surcharge. Ambiri ma visa athu amanena kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti zikativuta boma silitithandiza ndi ma benefit. Timaponya mu mphika womwe sitiloledwa kudyamo. Ndiye wina asabwere kudzatiphunzitsa za udindo.

*KWA IFE NKHANIYI IMAFIKA PA VISA*

Mbadwa ya kuno ikalakwitsa fomu, imalipira chindapusa nkhani n'kutha. Ife ayi. Amene muli pa Student visa simuloledwa kuchita bizinesi kapena kudzilemba ntchito nokha. Kugulitsa zovala zanu zakale ndi nkhani ina, koma kuoda katundu kuti mugulitsenso ndi geni, ndipo kukhoza kukuphwanyitsani malamulo a visa. Amene muli pa Skilled Worker kapena Health and Care visa, ntchito yapambali ili ndi malire a maola 20 pa sabata ndi malamulo ena a mtundu wa ntchito. Funsani kaye musanayambe.

Musaganize kuti tikungoopseza. Cha m'ma 2018 kunabuka nkhani ya anthu ochokera kunja omwe Home Office inawakaniza chilolezo chokhazikika chifukwa manambala awo a msonkho sankagwirizana, pogwiritsa ntchito paragraph 322(5) ya malamulo olowera m'dziko. Mu 2019 Court of Appeal inagamula kuti njira yomwe Home Office inkatsata inali yolakwika pa malamulo. Koma pofika nthawiyo anthu anali atavutika kale. Ndi chifukwa chake kwa ife fomu ya msonkho si pepala wamba.

*MALIRE AMASUNTHA ANTHU AKALANKHULA*

Ku America, lamulo la 2021 linatsitsa malire a fomu ya 1099-K kuchoka pa $20,000 ndi malonda 200 kufika pa $600. Ogulitsa anadandaula, IRS inazengereza chaka ndi chaka, ndipo mu July 2025 lamulo lina linabwezeretsa malire akale. Manambalawa sanagwe kumwamba. Analembedwa ndi anthu okhala m'maofesi, ndipo anthu omwewo amaopa mavoti.

Mavotiwo tili nawo. Nzika za Malawi, Zambia ndi Mozambique zomwe zikukhala kuno movomerezeka zili ndi ufulu wovota pa zisankho za UK monga nzika za Commonwealth. A ku Zimbabwe nanunso lamulo la zisankho likukuwerengerani m'gulu lomweli. Ambiri a ife sitinalembetse n'komwe. Ndiye MP atimvera bwanji?

*ZOMWE TIKUFUNA*

1. Trading allowance yeniyeniyo ikwere kufika £3,000, osati fomu yokha, ndipo izikwera limodzi ndi mitengo ya zinthu.
2. Boma litchule tsiku lomwe lonjezo la March 2025 liyambe kugwira ntchito.
3. Malire a zinthu 30 achotsedwe. Aziwerenga ndalama, asiye kuwerenga malaya.
4. Wolakwitsa koyamba pa ndalama zochepa alandire chenjezo, osati chindapusa.
5. Kulakwitsa kwakung'ono pa msonkho wa geni kusagwiritsidwe ntchito pokaniza munthu visa.

*ZOMWE TICHITE IFEYO*

Nkhanga zinapangana kusanapse. App ikakufunsani NI number, lowani mu app momwemo n'kuyankha, osadina link ya pa text kapena pa email, chifukwa akuba nawo nyengo yawo ndi ino. App ikatumiza dzina lanu iyenera kukupatsani kope ya lipotilo, isungeni. Yambani lero kulemba chomwe mwagula, tsiku, mtengo ndi ndalama ya postage, ngakhale mu kabuku ka 50p. Zinthu zanu zakale muzizijambula musanagulitse.

Osabwereketsa akaunti yanu kwa wina, kaya ndi m'bale, kaya ndi wa kutchalitchi. Katundu akhala wake, dzina lopita ku HMRC likhala lanu. Osatsegula maakaunti awiri atatu pofuna kuzemba 30, mukungodziyika m'mavuto omwe munalibe. Ngati geni yanu inadutsa £1,000, tsiku lomaliza kulembetsa ndi 5 October chaka cha msonkho chikatha, ndipo fomu ya pa intaneti ndi malipiro ndi 31 January. Ngati mwachedwa kale, pitani nokha asanakupezeni.

Safunsa anadya phula. TaxAid imathandiza kwaulere anthu opeza zochepa, Citizens Advice nayo ilipo. Musapereke ndalama kwa ma "dolo" a m'magulu a WhatsApp omwe akuti akukonzerani zonse mukawapatsa password yanu.

Sabata ino aliyense achite ziwiri. Lembetsani kuvota pa gov.uk, sizitenga ndi mphindi 10 zomwe. Kenako lemberani MP wa dera lanu, muyikemo postcode yanu ndi mfundo zisanu zili pamwambazi, m'mawu anuanu. Mukatumiza, tiuzeni dera lanu kuti tidziwe ma MP angati afikiridwa.

Ndipo inu achemwali a thumba la pansi pa bedi, litulutseni. Majeketewo ndi a ana anu, gulitsani, fiizi ipite kumudzi.

Tumizani uthengawu kwa aliyense amene ali ndi app ya malonda pa foni yake.