Mtengo wa Pacipata Usatithamangitse ku Mpira

Ndifuna kunenapo mau pang'ono za mtengo wa matikiti olowera ku mpira, umene wakwera kwambiri m'zaka zino. Ena adzati nkhani yotere siyenera mwana wa sukulu, koma ine nditi itikhudza ndithu, pakuti mtengo ukakwera, oyamba kutsala kunja kwa mpanda ndife ana.

Taganizani za munthu wa kuno ku Mchinji wofuna kukaona Silver Strikers ikulimbana ndi Nyasa Big Bullets pa bwalo la Bingu ku Lilongwe. Kucokera pa boma kukafika kumeneko ndi ulendo wa makilomita ngati 110. Ayenera kulipira minibasi popita ndi pobwera, agulenso cakudya, ndipo wa ku Mkanda kapena ku Kapiri ayamba walipira galimoto lina lomfikitsa pa mseu waukuru. Tikiti ndiyo nkhuni yotsiriza pamwamba pa mtolo wolemera kale. Ndarama zonsezi zicokera mu mtedza, soya ndi fodya, zimene makolo athu akolola kamodzi kokha pa caka.

Sindinena kuti akuru a mpira akweza mtengo cifukwa ca nkhanza ai. Kwacha yathu inacepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023. Mipira ndi nsapato zicokera kunja, ndipo mafuta a basi yonyamula osewera anakwera. Ndiponso ndarama za pacipata sizipita ku matimu okha. Apolisi ndi alonda akalandira zao, zotsala zigawidwa pakati pa matimu awiriwo, eni bwalo, ndi mabungwe oyendetsa mpira monga FAM ndi SULOM. Wosewera nayenso ali ndi banja lofuna kudya.

Komatu kwacha yomweyo inacepanso mphamvu m'thumba la mlimi. Kodi mankhwala ace ndi kukweza mtengo basi? Tiyeni ticite masamu monga a m'kalasi. Bwalo la Bingu, limene linatsegulidwa mu 2017, mulowa anthu ngati 40,000. Tiyerekeze kuti tikiti iri K5,000 ndipo alowa anthu 10,000; ndarama zace ndi K50 miliyoni. Koma ikakhala K2,000 ndi kulowa anthu 30,000, ndarama zikwana K60 miliyoni, ndipo osewera athamanga pamaso pa khamu loimba, osati pamaso pa mipando yopanda anthu. Nyuzipepala nazonso zalemba kawiri-kawiri za matikiti abodza, ndi za anthu olowa mwa kupatsa mlonda kangacepe m'manja. Mai wanzeru ayamba wamata mtsuko wodontha asanapite kukatunga madzi ena.

Musaganize kuti ndipempha kuti tizilowa ulere. Pa 6 July 2017, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, anthu anaitanidwa kukaona mpira waulere pa bwalo lomwelo, ndipo anthu 8, ambiri a iwo ana, anafa pakupondana pacipata. Tikiti ndi cinthu cabwino, cifukwa iwerenga anthu ndi kusunga dongosolo.

Zimene ndipempha ndi zitatu. Coyamba, mwana wa sukulu woonetsa ciphaso cace alipire theka la mtengo. Caciwiri, ngati kukweza nkofunikadi, akweze ku mipando ya pamthunzi kumene kukhala olemera, koma ku mbali ya padzuwa mtengo ukhale wotsika. Cacitatu, mtengo ulengezedwe masiku akalipo, ndipo matikiti azigulidwa pa foni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti ife akutali tisanyamuke ulendo wosadziwa zimene tikapeze, ndiponso kuti ndarama zisapite m'matumba a akuba.

Akuru a mpira akapanda kumva, cimene adzataya ncacikuru koposa ndarama za tsiku limodzi. Pitani pa Kamwendo Loweruka madzulo, mukaone anyamata atadzaza m'nyumba za kanema, kumene ndi kandarama kocepa aonera Arsenal ndi Manchester United. Ambiri achula maina a osewera a ku England mosadodoma, koma afunseni wa pagolo wa Silver Strikers, angokanda mutu. M'mera mpoyamba: mwana amene sanapondepo pa bwalo sadzalipira pacipata atakula.

Cikondi ca mpira wa kwathu ciripo ndithu. Mu January 2022, pamene Gabadinho Mhango anaponya cigoli ca patali cija mu ukonde wa Morocco ku Cameroon, ngakhale Flames inagonja 2 kwa 1, ife a kuno kumalire tinapfuula pamodzi ndi dziko lonse. Cifukwa cace ndipempha akuru athu a FAM ndi SULOM kuti pokhala pansi kuika mtengo, akumbuke kuti ocemerera mpira sakhala ku Lilongwe ndi ku Blantyre kokha.

Wa Fomu 3