Nkhondo ya mitumbira ku Port Herald

Boma la Nyasaland linali ndi apolisi, makhoti ndi ndende, koma m'zaka za m'ma 1950 linalephera kukakamiza mlimi wa kuchigwa cha Shire kuunga mizere m'munda mwake. Kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka, kumalire ndi Mozambique, mkanganowo unatchuka kuti nkhondo ya mitumbira.

Gwero lake linali lamulo loteteza nthaka la 1946, lomwe bwanamkubwa Geoffrey Colby analilimbitsa njala ya 1949 itadutsa. Anthu ankangoti malimidwe. Wokana ankalipitsidwa chindapusa, kuzuliridwa mbewu kapena kutsekeredwa.

Ine ndimaima ndi alimiwo, chifukwa sankakana mwaulesi. Chigwa n'chathyathyathya, dzuwa lake n'loswa mtengo, ndipo malo ambiri dothi ndi lamchenga: mzere wouunga m'mawa umauma msanga, nthawi zina n'kugumuka mvula yoyamba. Komanso kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a Shire anali atakwera n'kumiza madimba a m'dambo la Dinde, anthu n'kuthithikana kumtunda. Munthu wolandidwa dimba ndi madzi, wolima thonje kuti apeze ya msonkho, ndiye uzimuonjezera ntchito yosapindula?

Apa m'pamene kufooka kwa boma kunaonekera. Azungu paboma la Port Herald, Nsanje ya lero, anali owerengeka, ndipo lamulo linkayenda ndi miyendo ya mafumu ndi alangizi. Mfumu Molin Tengani analigwira mwamphamvu, koma anakumana ndi mawu ochokera ku Khulubvi, kukachisi wa Mbona, akuti mitumbira ithawitsa mvula. Ena anazemba, ena analola ndende. Mudzi wonse ukakana, ungamange angati, nanga thonje akolola ndani? Chitaganya chitabwera mu 1953, a Nyasaland African Congress anapeza anthu akumudzi okwiya kale.

Dr Kamuzu Banda atakhala nduna ya zachilengedwe mu 1961, zilango za malimidwe zinathetsedwa posakhalitsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti khalidwe lolamula mlimi wa kuchigwa osamufunsa silinathe nazo. Madzi akasefukira, monga pa namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023, anthu a ku Makhanga m'chigwachi amauzidwa kuti asamukire kumtunda. Ambiri amabwerera kumadimba, poti kumtundako malo ogona amapatsidwa, koma munda wodyetsa banja sapezeka nawo.