Mimba si yobisa: mnzathu akakhala woyembekezera tisamutaye

Achinyamata anzathu, m'makalabu mwathu timakambirana zambiri: kudziletsa, makondomu, kuyezetsa magazi. Koma pali nkhani imodzi imene timaizemba. Mtsikana mnzathu akatenga mimba amangosiya kubwera ku misonkhano, ife n'kukhala chete ngati sitinamudziwepo. Mnyamata amene wapereka mimbayo amapitiriza kubwera, kumenya mpira ndi kuchita nawo zisudzo. Ife tikuti khalidwe limeneli lithe. Nthawi imene mnzathuyo wasowa ndiyo nthawi imene moyo wake ndi wa mwana wake uli pachiswe.

Nkhaniyi si yachilendo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'Malawi muno, 29 anali atabereka kale kapena anali ndi mimba yoyamba. Atsikana oterewa alipo ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Masasa, ku Mchengautuwa, m'mipingo mwathu ndi m'makalabu mwathu momwe.

Kukonzekera kubereka kumayambira ku sikelo, ndipo kuyambe m'miyezi itatu yoyambirira. Koma mtsikana wamantha amamanga mimba ndi chitenje, amavala juzi lalikulu n'kumanamizira kuzizira kwa Mzuzu, mpaka miyezi 6 kapena 7 itakwana. Akamafika kwa anamwino nthawi yambiri yatayika kale.

Kodi watayapo chiyani? Ku sikelo mayi amayezedwa kachilombo ka HIV ndi chindoko, amaonedwa kuthamanga kwa magazi, amalandira mankhwala owonjezera magazi, Fansidar woteteza malungo, ndiponso neti. Kuyambira mu 2016 bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi achipatala kosachepera ka 8 asanachire. Amene wayamba mochedwa sangakwanitse.

Pa nkhani ya HIV, kuchedwa kumapweteka mwana. Mayi amene ali ndi kachilombo akapanda kulandira chithandizo chilichonse, mwa ana 100 obadwa kwa amayi otere, pakati pa 15 ndi 45 amatenga kachilombo ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Mayi akamamwa ma ARV mwandondomeko, chiwerengerocho chimatsika kufika pochepera 5. Chifukwa chake n'chakuti mankhwalawa amachepetsa kachilombo m'magazi, koma amafuna nthawi kuti agwire ntchitoyi. Pobadwa mwana amakhudzana ndi magazi ndi madzi a m'thupi mwa mayi wake. Mayi amene wamwa mankhwala kwa miyezi ingapo amafika tsikulo kachilombo katachepa kwambiri. Amene wayamba kumwa matenda atayandikira sakhala ndi mwayi wofanana.

Azakhali athu amene anabereka kumayambiriro a zaka za m'ma 2000 ankangopatsidwa mbulu umodzi wa Nevirapine woti amwe matenda akayamba. Mu 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba padziko lonse kuyambitsa ndondomeko yotchedwa Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV nthawi yomweyo ndi kumwa moyo wake wonse. Maiko ena anatengera kwa ife. N'zomvetsa chisoni kuti mtsikana wa mumzinda uno aphonye mwayi umenewu chifukwa choopa kusekedwa ndi anzake a m'kalabu.

Tsopano tilankhule ndi inu anyamata. Mimba satenga munthu yekha. Perekezani mnzanu ku sikelo ndipo mukayezetse limodzi. Zimatheka kuti wina akhale ndi kachilombo wina alibe. Mayi akatenga kachilombo ali woyembekezera kapena akuyamwitsa, mwana amakhala pachiopsezo chachikulu, poti kachilombo kongolowa kumene kamachuluka kwambiri m'magazi. N'chifukwa chake amene anapezeka alibe kachilombo amayezedwanso mimba ikakula, ndipo kondomu imafunikabe ngakhale mimba ilipo kale. Ngati mmodzi yekha ndiye ali ndi kachilombo, funsani aphungu za mankhwala a PrEP oteteza winayo.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Matenda akhoza kuyamba pakati pa usiku, mvula ikugwa, misewu ya m'makwalala ili matope okhaokha. Pamene mimba ikukwana miyezi 7, mafunso awa akhale atayankhidwa. Akachirira kuti? Kodi ndi ku Mzuzu Health Centre ku Mapale, ku St John's kapena ku Ekwendeni? Ngati anamwino anena kuti pakufunika chipatala chachikulu cha Mzuzu Central, kapena kuti akadikirire kuchipatala masiku asanakwane, amvereni. Adzayenda pa chiyani? Sakaramento ndi yabwino popita ku msika, koma singanyamule mayi amene akutaya magazi. Sungani nambala ya woyendetsa galimoto wodalirika ndi ndalama yomulipira. Adzamudikirira ndani? Ana kapena katundu wapakhomo adzatsala ndi yani?

Chikwama chikhale chomangiratu: zitenje zochapa bwino, pepala la pulasitiki, beseni, sopo, lumo latsopano, zovala zofunda za mwana, tochi, ndi zina zimene anamwino anene. Buku la kuchipatala lisaiwalike. Amene akumwa ma ARV aike botolo lake momwemo, chifukwa mankhwala sadumphitsa ngakhale tsiku lochira.

Aliyense wa ife adziwenso zizindikiro zoopsa: kutaya magazi, mutu waukulu ndi kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, mwana kusiya kusewera m'mimba, nsupa kusweka matenda asanayambe. Chimodzi mwa izi chikaoneka, palibe kudikira kuti kuche, palibenso kudikira amalume kuti apereke chilolezo. Tikupemphanso agogo ndi azakhali, mwaulemu wonse, kuti mwanamphepo asiyidwe. Mankhwala ofulumizitsa matendawa alibe muyezo, ndipo akhoza kung'amba chiberekero kapena kubanikitsa mwana.

Mtsikana wamng'ono amafunika chisamaliro choposa, poti mafupa a m'chiuno mwake amakhala asanakhwime. Mwana akakanirira nthawi yaitali, mayi akhoza kumwalira kapena kutsala ndi fistula, vuto lodontha mkodzo kosalekeza. Kuchipatala amaona msanga kuti njira yachepa ndipo amachita opaleshoni. Kafukufuku wa 2004 anapeza kuti amayi 984 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo. Pofika 2015-16 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 439, pamene amayi 9 mwa 10 alionse anali akuchirira kuchipatala.

Mwana akabadwa ntchito sinathe. Wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo amapatsidwa mankhwala omuteteza kwa masabata 6 oyambirira, ndipo amayezedwa akakwanitsa masabata 6, miyezi 12 ndi miyezi 24. Ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, osamupatsa madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, mayi akupitiriza kumwa ma ARV.

Tikudziwa kuti ena anena kuti kukamba izi m'kalabu n'kulimbikitsa atsikana kutenga mimba. Ife sitikugwirizana nawo. Uthenga wathu wodziletsa, wogwiritsa ntchito kondomu ndi kulera sunasinthe. Amene wamva bwino za fistula, za opaleshoni ndi za ndalama zimene mwana amafuna, sathamangira mimba. Koma mimba ikakhala kuti yachitika kale, kumusala mnzathu sikuibweza. Kumangomuchedwetsa kupita ku sikelo. Sikuyeneranso kukhala chifukwa chomukankhira ku banja: kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka.

Tsono pa msonkhano wanu wotsatira chitani izi. Onani m'kaundula mayina a atsikana amene anasiya kubwera, ndipo atsikana awiri okhwima maganizo akawayendere mwachinsinsi. Amene akuopa kuuza makolo, mupezereni mayi wamkulu wodalirika womuperekeza. Itanani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adzayankhe mafunso, anyamata ali pomwepo. Safunsa anadya phula. Ndipo ngati kalabu ili ndi kathumba ka ndalama, patulanipo ya galimoto ya usiku. Mnzathu akachira bwino, mwana wake n'kupezeka alibe kachilombo pa miyezi 24, kalabu idzakhala itagwira ntchito imene tinaikhazikitsira.