Tisakopeke ndi kufiira kwa chowotchera cha gasi

Chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, ZESCO inkazimitsa malaiti maola ambiri pa tsiku, malasha nawo n'kukwera mtengo. Ambiri kuno ku Mindolo tinayamba kufunsa za gasi. Tsopano ena akusirira chowotchera nyama chija amati infrared.

Kuwotcha chimawotchadi. Gasi amayakira pa phale louma lokhala ndi timabowo tambirimbiri, phalelo limafiira ngati malasha n'kulunjikitsa kutentha pa nyama. Mphindi zochepa chakonzeka, popanda kukupiza kapena utsi m'maso. Michopo yopyapyala imapsa bwino osauma. Nkhuku ya mafupa ndiye vuto: kunja imapserera m'kati muli magazi, ngati chochepetsera moto chili chachabechabe.

Chomwe chimatidetsa nkhawa ndi phalelo. Mafuta akadontha amatseka timabowo, madzi ozizira akaligwera lili lotentha limang'aluka. Mbaula ikabooka timathamangira ku Chisokone, tabwera nayo ina. Nanga phale likasweka, lina tilipeza kuti? Wogulitsa akalephera kuyankha funso limeneli, ndalama zathu zibwerere m'thumba. Tigogodenso chitsulo chake. Chikalira ngati chitini, sichiona mainza awiri. Paipi ndi regulator tipake thovu la sopo, likatutuma ndiye kuti gasi akutuluka.

Wowotcha michopo ku Mindolo Dam, amene moto wake suzima Loweruka lonse, mwina angapindule nacho. Pakhomo ife tikuti yambani ndi sitovu wamba ya gasi, chifukwa chowotcherachi sichiphika nsima.