MTENGO WA MSEU UWERENGEDWE POYERA

Abale ndi alongo a mu Kabwata, Chelstone ndi kuno ku Lilayi, cherani khutu.

Pamene ndinali kalaliki pa mgodi ndinaona cinyengo cimodzi kawiri-kawiri. Munthu wofuna nchito yaikulu amachula mtengo wocepa kuti akulu abvomere. Dzenje likakumbidwa palibenso wobwerera m'mbuyo, ndipo mtengo umayamba kukwera mwezi ndi mwezi.

Anthu ophunzira a ku Oxford anafufuza cinthu comweci. M'caka ca 2014 Bambo Atif Ansar, Bambo Bent Flyvbjerg ndi anzao anawerenga mabuku a ndarama a madamu akulu 245 omangidwa m'maiko 65. Anapeza kuti, powaika onse pamodzi, ndarama zimene madamuwo anadya zinali pafupi-fupi kuwirikiza kawiri mtengo wolonjezedwa poyamba. Pambuyo pace Bambo Flyvbjerg anasonkhanitsa mbiri ya nchito zazikulu zoposa 16,000. Mwa nchito 100 ziri zonse, zimene zinatha pa nthawi yace ndi pa mtengo wace sizinakwane 9. Uphungu wao ndi uwu: ganizani mofatsa musanakumbe, ndipo yesani mtengo wa nchito yatsopano ndi ndarama zimene nchito zina zofanana nayo zinadya zitatha. Mau a mwini kontrakiti paokha sakwanira.

Ife a m'Zambia tinaziona ndi maso. M'caka ca 1955 boma la Citaganya linasankha Kariba ndi kusiya Kafue, osafunsa Mwafrika. Atonga okwana 57,000 anacotsedwa m'midzi yao, ndipo m'caka ca 1958 apolisi anapha anthu 8 ku Gwembe. Mtengo umenewo sunalembedwe m'buku la atsamunda.

Kodi ufulu unathetsa mwambo wobisa mitengo? Taonani mseu wa Lusaka kupita ku Ndola. M'caka ca 2017 tinauzidwa kuti udzadya madola 1.2 biliyoni. Pangano lija linafafanizidwa, ndipo m'caka ca 2023 linalembedwa lina la madola pafupi-fupi 650 miliyoni. Ena adzati mapangano awiriwa safanana m'zonse. Cabwino! Nanga anawerengedwa liti pamaso pa anthu, mzere ndi mzere, kuti tione tokha pamene asiyana?

Musaiwale kuti mu Novembala 2020 dziko lathu linalephera kubweza ngongole zace. Ngongole sizilipidwa ndi munthu wosaina pepala. Zimalipidwa ndi iwe wokwera minibasi m'mamawa, ndi mai wogula unga, ndi dalaivala amene alipira msonkho wa mseu pa Shimabala.

Cifukwa cace tifuna zinthu zitatu. Coyamba, pangano liri lonse lalikulu liwerengedwe m'Nyumba ya Malamulo lisanasainidwe, ndipo lilembedwe m'zinenero zathu. Caciwiri, pambali pa mtengo wace palembedwe mitengo ya miseu kapena madamu ena ofanana amene anatha kale. Cacitatu, miyezi itatu iri yonse boma litiuze ndarama zimene zatuluka ndi makilomita amene amangidwa.

Sitikana miseu, sitikana magetsi. Tifuna kudziwa mtengo wace, pakuti olipira ndife. Phungu wanu akabwera ku msonkhano wa nthambi, imani ndi kumufunsa: "Bwana, mseu uwu ndi ndarama zingati, ndipo anayesa mtengowo ndani?"

Kwaca!