Ndani akulondera m'kati mwa makina athu?

Pa Golomoti, m'munsi mwa chitunda cha Khwekhwerere, pali munda umene sulimidwa thonje kapena chimanga, koma mwadzaza magalasi okolola dzuwa. Malo opangira magetsiwa anayamba kugwira ntchito mu 2022, amatulutsa mamegawati 20, ndipo ali ndi mabatire osungiramo magetsi. Ndi chitukuko chonyaditsa, palibe angatsutse.

Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti pa Golomoti pavuta kanthu ayi. Ndikunena kuti makina amakono ngati amenewa, pamodzi ndi a kubanki, a mapasipoti ndi a zisankho, onse amadalira kachipangizo kakang'ono kotchedwa purosesa, kamene ndi ubongo wa makinawo. Pansi pa ubongowu pali malangizo amene kampani yopanga inaikiratu, otchedwa firmware. Malangizowa ndiwo amayamba kudzuka mukayatsa kompyuta, Windows isanadzuke n'komwe. Mwini kompyuta sawaona, ndipo mapulogalamu ambiri osaka mavairasi safikako. Mbava ikakhazikika m'menemo ili ngati nankafumbwe: thumba lili losoka bwinobwino, koma chimanga chikutha.

Izi si nthano. Mu 2017 kampani ya Intel inavomera kuti kachigawo kena ka m'makompyuta, kotchedwa Management Engine, kamene kamagwirabe ntchito ngakhale mwazimitsa kompyuta bola ikhale pamagetsi, kanali ndi ziboo zoti munthu n'kulowerapo ali kutali. Mu Januwale 2018 akatswiri anaulula Meltdown ndi Spectre, zilema za m'mapurosesa amene anakhala akugulitsidwa kwa zaka zambiri, zolola pulogalamu ina kusuzumira zinsinsi za inzake. Chaka chomwecho kampani ya ESET inapeza vairasi yotchedwa LoJax, imene siichoka ngakhale mufufute zonse kapena musinthe hard disk.

Kodi zimenezi zikukhudzana bwanji ndi magetsi? Funsani anthu a ku Ukraine. Pa 23 Disembala 2015 achiwembu analowa m'makompyuta a makampani ogawa magetsi, nazimitsira magetsi makasitomala pafupifupi 225,000. Pochoka anaononga firmware ya tizipangizo tolumikiza masiteshoni ndi likulu, kotero kuti mainjiniya analephera kuyatsa magetsi ali muofesi. Chimene chinawapulumutsa n'choti anathamangira kumasiteshoniko n'kukayatsa ndi manja.

Kwathu kuno tinalawako kale. Mu Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko wa panthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alanda makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Amalawi anakhala masabata ambiri osalandira mapasipoti. Kaya mbavazo zinalowera khomo liti, phunziro ndi limodzi: timathamangira kugula makina, koma za kuwalondera timaziganiza akuba atapita.

Chonsecho mankhwala ake ngodziwika. Choyamba, makampani amatulutsa zigamba zotsekera ziboozi, koma chigamba sichidzisoka chokha. Pafunika munthu wolembedwa ntchito yoziika nthawi yake. Chachiwiri, boma kapena ESCOM akamasaina mgwirizano wogula makina, alembemo kuti wogulitsa adzapereka zigambazo kwa zaka zingati, komanso kuti makiyi onse adzakhala m'manja mwa Amalawi. Chachitatu, makompyuta oyendetsa magetsi asalumikizidwe ndi amene anthu amawerengerapo makalata ndi kuonerapo Facebook. Chachinayi, amisiri athu asaiwale kuyendetsa siteshoni ndi manja. Chachisanu, makompyuta akaunjika amene eni ake analeka kuwasamala asasungidwemo zinsinsi za anthu. Dziwani kuti Microsoft inasiya kupereka zigamba zaulere za Windows 10 kwa anthu wamba ambiri mu Okutobala 2025, pamene m'maofesi mwathu ikadali mbwee.

Ena ati dziko losowa mankhwala m'zipatala lilibe nthawi ya nkhani za azungu ngati zimenezi. Ndikuwamva. Koma magetsi akazima, firiji ya katemera pachipatala imatha kudalira jenereta ndi mafuta amene ndi osowa kale, ndipo chigayo cha pa Mtakataka chimangoti zii. Wovutika ndi mmphawi yemweyo.

Ena ati nkhani za chitetezo sizikambidwa pagulu. Mawu amenewa tinawamva kokwanira zaka 30 za chipani chimodzi. Inu amene munabwerako ku Lusaka, Dar es Salaam ndi London mukukumbukira kalata zofika zitatsegulidwa kale. Lero kazitape safunikanso kukhala kupositi ofesi; akhoza kukhala m'kati mwa makina amene tagula ndi misonkho yathu.

Lamulo loona za chitetezo cha pa intaneti tinakhazikitsa mu 2016, ndipo bungwe la MACRA lilipo. Tsono aphungu athu aitane akuluakulu a mabungwewa ndi kuwafunsa poyera: makina athu anaikidwa zigamba liti, anaika ndani, ndipo makiyi akusunga ndani? Wakutsina khutu ndi mnansi.